Kodi ndiyambire pati kuti ndidzaphunzitse zachuma cha mphamvu pa yunivesite?

Wowerenga wina amene wangomaliza digiri yoyamba ya zachuma wanditumizira imelo yofunsa ngati kuli bwino kuti akachite masitazi yoona za mphamvu zokhazokha, kapena apitirize ndi maphunziro a zachuma wamba, popeza cholinga chake n'kudzaphunzitsa ndi kuchita kafukufuku pa nkhani za magetsi, mafuta ndi gasi.

Yankho langa ndi lakuti mulimbitse kaye maziko a zachuma, makamaka microeconomics (momwe ogula ndi makampani amapangira zisankho pa msika) ndi econometrics (kugwiritsa ntchito ziwerengero poyesa mfundo za zachuma), kenako nkhani za mphamvu muziloweremo kudzera pa funso limene likukusowetsani tulo. Mayunivesite ambiri salemba munthu ntchito yokhazikika ngati alibe PhD, yomwe kawirikawiri imatenga zaka 4 mpaka 6, ndipo olemba ntchitowo amafuna kuona pepala lanu la kafukufuku kuti adziwe ngati njira zanu zowerengera zingapirire mafunso okhwima. Dzina la kosi imene munachita silikhala ndi mphamvu kwenikweni pamenepo.

Maphunziro a zachuma cha mphamvu anayamba kalekale. Mu 1931, katswiri wa zachuma Harold Hotelling analemba za momwe mtengo wa chuma chimene chimatha, monga mafuta a pansi pa nthaka, uyenera kukwerera m'kupita kwa zaka. Komabe chidwi cha anthu ambiri chinabwera mu 1973, pamene mayiko achiarabu anachepetsa mafuta ogulitsa kunja ndipo mtengo wake unakwera pafupifupi kanayi. Bungwe la International Energy Agency linakhazikitsidwa ku Paris mu 1974, ndipo la International Association for Energy Economics linatsatira mu 1977. Misonkhano ya bungwe lachiwirili ndi malo abwino oti wophunzira akaonetseko ntchito yake koyamba.

Chimene ndikufuna kutsindika kwambiri ndi ichi: phunzirani momwe magetsi amayendera pa mawaya, ngakhale simuli injiniya. Magetsi ndi ovuta komanso odula kuwasunga, choncho opangidwa ayenera kufanana ndi ogwiritsidwa ntchito mphindi iliyonse. M'misika yambiri, makina otsika mtengo kuyendetsa, monga a dzuwa ndi mphepo, ndiwo amayamba kugulitsa, kenako a malasha ndi gasi, ndipo makina omaliza amene afunika kuti magetsi akwanire ndiwo amakhazikitsa mtengo umene onse alandire. Madzulo anthu akayatsa zipangizo zawo nthawi imodzi, kampani imodzi yokha ikazimitsa makina ake ikhoza kukweza mtengo wa msika wonse, chifukwa ogula alibe kothawira. Zoterezi zinachitika ku California mu 2000 ndi 2001, pamene mitengo inakwera koopsa ndipo magetsi ankathimathima. Katswiri wa zachuma Severin Borenstein wa ku yunivesite ya California ku Berkeley ndi anzake anasonyeza pambuyo pake kuti gawo lalikulu la kukwera kumeneko linachokera ku mphamvu imene ogulitsa anali nayo pa msika. Munthu wosadziwa kuti mawaya amadzaza, moti sangathenso kubweretsa magetsi ena kuchokera kwina, sakanatha kufunsa funso limeneli n'komwe.

Kumbali ya kuphunzitsa, musakuone ngati chopinga pa kafukufuku wanu, ngakhale kumadya nthawi yambiri, makamaka m'zaka zoyambirira. Njira imene ndimaikonda ndiyo kugawa ophunzira m'magulu, gulu lililonse kukhala kampani yokhala ndi makina ake, n'kulemba mtengo wake pa kapepala mwachinsinsi. Pakangopita kanthawi, gulu lina limazindikira lokha kuti kubisa makina ena kumabweretsa phindu, ndipo kalasi yonse imamvetsa nkhani ya California popanda kuloweza.

Ngati mtima wanu uli pa kusintha kwa nyengo, tsatirani ntchito ya William Nordhaus wa ku yunivesite ya Yale, amene analandira mphoto ya Nobel ya zachuma mu 2018, komanso msika wogulitsirana ziphaso zololeza makampani kutulutsa utsi, umene mayiko a European Union anayambitsa mu 2005. Pakali pano phunzirani pulogalamu ya pakompyuta yosanthulira ziwerengero monga R, Stata kapena Python, tengani ziwerengero zaulere za bungwe la Energy Information Administration la ku America, ndipo muyesere kubwereza zotsatira za pepala limodzi lofalitsidwa kale musanalembere kalata mphunzitsi amene mukufuna kuti adzayang'anire kafukufuku wanu.