Funsani tikuyankheni: ndigule hita iti yotenthetsera m'boti?

Funso: Zikomo. Ndine Mmalawi, ndimagwira ntchito yosamalira okalamba ku Birmingham, ku England. Lendi itandikulira ndinagula kaboti kachitsulo kopapatiza, ka pangalande, ndipo ndimagona momwemo. Miyezi yotentha zinali bwino, koma Novembala uno ndikugona ndi jekete, ndipo m'mawa mazenera amakhala akuchucha madzi. M'botimo mulibe sitovu. Mnzanga akufuna kundigulitsa hita ya gasi ya mateyala, wina akuti ya palafini ndiye yotchipa. Mwana wanga wamkazi wa zaka 9 amadzagona Loweruka lililonse. Ndigule iti? Wozizidwa, Birmingham.

Yankho: Achimwene, pa ziwirizo musagule iliyonse. Ndayamba ndi mawu amenewa chifukwa kalata yanu yandidetsa nkhawa, makamaka poti mwatchula mwana.

Inenso ndinakhalapo m'boti lotere nyengo zozizira zitatu, pa Grand Union Canal, ndiye kuzizirako ndikukudziwa. Chitsulo cha boti chimakhala m'madzi ozizira usana ndi usiku, ndipo ukaponda pansi m'mawa mapazi amachita dzanzi ngakhale utavala masokosi awiri. Munthu akazizidwa choncho amalandira chilichonse chotulutsa moto. Koma kumbukirani zomwe makolo amatiletsa kumudzi mu Juni ndi Julayi: kugona ndi mbaula m'nyumba yotseka. Hita ya gasi kapena ya palafini yopanda paipi yotulutsira utsi panja ndi mbaula yomweyo, yangovala bwino. Ikamayaka imadya mpweya wabwino, ndipo mpweyawo ukachepa imayamba kutulutsa mpweya wakupha wotchedwa carbon monoxide, yemwe saoneka ndipo sanunkha. Kachipinda ka m'boti n'kakang'ono, kamadzaza msanga.

Izi zinachitikadi. Mu Januwale 2014, asodzi awiri anamwalira ali mtulo m'boti lotchedwa Eshcol padoko la Whitby, atasiya chophikira cha gasi chikuyaka kuti afunde. Mu Epulo 2013, mayi ndi mwana wake wamkazi anamwalira m'boti panyanja ya Windermere. Iwo hita yawo inali yamagetsi, koma magetsiwo ankachokera ku jenereta yomwe inkalira m'kati mwa botilo, ndipo utsi wake unalowa momwe anagona.

Gasi ali ndi vuto linanso. Ndi wolemera kuposa mpweya, ndiye akadontha m'nyumba amatha kutulukira kunsi kwa chitseko, koma m'boti amatsikira pansi n'kukhazikika ngati madzi m'beseni, kudikira kamoto kakang'ono. Komanso madzi akuchucha pamazenerawo angawonjezeke: kilogalamu imodzi ya gasi ikapsa imasiya madzi oposa lita imodzi ndi theka mumpweya. Matiresi amanyowa kunsi, zovala zimachita nkhungu.

Ndiye mugule chiyani? Zikudalira komwe boti lanu limaima, ndipo simunandiuze.

Ngati muli pa marina, doko loimikapo maboti, pomwe pali chipilala cholumikizapo magetsi, nkhani ndi yosavuta. Gulani hita yamagetsi ya mafuta m'kati, ija yooneka ngati nthiti. Ilibe waya wofiira poyera, sichita phokoso, ndipo imakhalabe yofunda ikazima. Muonetsetse kuti ili ndi thermostat, kachipangizo koizimitsa kutentha kukakwana, komanso imazima yokha ikagwa, chifukwa boti lina likamadutsa lanu limagwedezeka. Ine yanga ndinkaimangirira kukhoma ndi kachingwe. Chipilalacho nthawi zambiri chimapereka ma amp 16, omwe ndi ma watt pafupifupi 3,600. Hita ya ma watt 2,000 mukaiyatsa pamodzi ndi ketulo, magetsi athima. N'chifukwa chake ine ndimakonda ya 1,000 kapena 1,500, yoyaka pang'onopang'ono nthawi yaitali. Ya fani imatenthetsa msanga, koma musagone nayo, ndipo musayanikepo sokosi kapena thawulo.

Ngati mumayendayenda, kuima apa masabata awiri kenako n'kusuntha, hita yamagetsi iwalani. Tiwerengere limodzi. Hita ya ma watt 2,000 pa mabatire a 12 volt imakoka ma amp oposa 160. Batire wamba wa 110Ah mumangogwiritsa theka lake ngati simukufuna kumupha. Ndiye kuti batire mmodzi sangakwanitse ngakhale theka la ola. Ndinayesapo usiku wina nditatopa: inveta, yomwe imasandutsa magetsi a batire kukhala a m'nyumba, inayamba kulira ndisanamalize tiyi, ndipo m'mawa ngakhale pampu ya madzi inakana kugwira ntchito.

Kwa munthu wopanda magetsi a padoko, njira ndi ziwiri, ndipo zonse ndi zomangirira, si zonyamula. Yoyamba ndi sitovu yachitsulo ya nkhuni kapena malasha, yokhala ndi chumuni chotulukira padenga. Imeneyi ndimaikonda kwambiri chifukwa imaumitsa boti lonse, ndipo pamwamba pake mutha kuikapo mphika wa nyemba tsiku lonse. Kungoti phulusa lotentha musalisunge m'kati, nalonso limatulutsa mpweya woipa uja. Muziliika m'ndowa yachitsulo panja. Yachiwiri ndi hita ya dizilo youzira mpweya wotentha, monga za Webasto kapena Eberspächer. Yaing'ono ya ma kilowatt awiri imamwa dizilo pafupifupi kota ya lita pa ola ikamayaka kwambiri, ndipo utsi wake umatulukira kunja kudzera m'paipi.

Pa intaneti muona zina zotchipa za dizilo, zam'bokosi lonyamula. Chenjerani nazo. Zambiri zimabwera ndi sailensa, kachitini kochepetsa phokoso pa paipi ya utsi, yopangidwira galimoto, yosatsekeka bwino, yomwe pagalimoto imakhala kunja koma m'boti imakhala m'kati. Mu Disembala 2019 amuna awiri anamwalira m'boti lotchedwa Diversion ku York chifukwa cha utsi wodontha pa hita ya dizilo yokhala ndi sailensa yotero. Ntchito yoika hita muipereke kwa mmisiri wodziwa za maboti, ngakhale ikupwetekeni m'thumba.

Loweruka lisanafike, gulani alamu ya carbon monoxide. Kuyambira Epulo 2019 a Boat Safety Scheme, omwe amayendera chitetezo cha maboti, amafuna kuti maboti ogonamo akhale nayo. Yang'anani pabokosi kuti palembedwa BS EN 50291-2, chifukwa imeneyo ndiyo yoyesedwera maboti. Ikani imodzi pafupi ndi kumutu kwa bedi lomwe mwana amagonapo, ndipo muzidina batani lake kawirikawiri kuti mumve ngati ikulira. Ikadzalira, kapena nonse awiri mukadzamva mutu, chizungulire ndi nseru nthawi imodzi, tulukani kaye, zina pambuyo, n'kuimba 999, nambala ya zadzidzidzi.

Timabowo tolowetsa mpweya ta pazitseko ndi padenga, ndikudziwa kuti mtima ukukuuzani kuti mutitseke ndi nsanza. Tisiyeni choncho. M'malo mwake yalani kapeti wokhuthala pansi, ikani makatani olemera, ndipo muzipukuta mazenera m'mawa uliwonse. Kwa mwanayo, botolo la madzi otentha lokulunga m'chitenje, muliike m'zofunda ola limodzi asanagone. Mukatero mundilemberenso, mundiuze kutalika kwa botilo komanso ngati pomwe mumaima pali magetsi, kuti tione kukula kwa hita yomwe ingakwane.