Mwapeza ntchito ya uweta? Yambani ndi madzi osamba m'manja

Mtsikana wina wa ku Chibavi kuno ku Mzuzu wandilembera imelo. Akuti wapeza ntchito yoperekera zakudya pa lesitilanti ina m'tauni muno, ayamba Lolemba, koma thireyi sanaigwirepo chibadwire. Funso lake: "Ndiphunzire chiyani kuti asandichotse sabata yoyamba?"

Achemwali, za mafoloko zisakudetseni nkhawa. Foloko kumanzere, mpeni kumanja, kukamwa kwake kuloze ku mbale. Basi. Tambula muzigwira m'munsi, osati pomwera, ndipo chala chachikulu chisamaviikidwe mu msuzi.

Chimene chimachotsetsa anthu ntchito ndi kusayang'ana. Kasitomala akalowa, mupatseni moni nthawi yomweyo ngakhale manja ali odzaza. Kuno ku Mzuzu wina ayankha m'Chitumbuka, wina m'Chichewa, wina m'Chingerezi, ndiye inu mutsate chimene wayamba nacho. "Yewo" sakhumudwitsa munthu. Koma zoitana mayi wamkulu kuti "asisi" zisiyeni kunyumba, amenewo ndi "amayi".

Tsono pa madzi ndiye ndikhalitsepo. Makasitomala ambiri adzaitanitsa nsima kapena kondowole wa nsomba ya batala ya ku Nkhata Bay, ndipo zimenezi sizidyedwa ndi foloko. Madzi azifika chakudya chisanafike, osati munthu aziyang'ana nsima ikuzizira inu mukusakasaka beseni. Jagi kudzanja lamanja, beseni kumanzere, sopo pafupi. Yambani ndi wamkulu pa tebulopo, muweramire pang'ono, muthire mwapang'onopang'ono kuti madzi asathovokere pa malaya. Mu Juni ndi Julaye, kuzizira kwa kuno mukukudziwa nokha, madziwo akhale ofunda. Akatha kudya bwererani nawo musanaitanidwe, chifukwa munthu amene wagwira nsomba sangapise m'thumba kuti akulipireni. Mabwana ena sadzakuuzani zimenezi, koma makasitomala amazikumbukira kuposa mtundu wa makatani.

M'mawa musanatsegule, lowani kukhitchini mufunse ophika zimene zilipo ndi zimene zatha. Palibe chonyansa ngati kulandira oda ya chambo, munthu n'kudikira theka la ola, kenako n'kubwera mukukanda m'mutu kuti "pepani bwana, chatha". Nenaninso zoona pa nthawi. Nkhuku ya lokolo imachedwa kupsa, ndipo dalaivala amene waima pang'ono pa ulendo wa ku Karonga ayenera kudziwa zimenezo asanasankhe. Oda muzilemba, kenako muiwerenge mokweza. Mutu umanama, makamaka tebulo likakhala la anthu 6 ndipo wina sakufuna tsabola.

Mbale musamalande wina akadali kudya. Bilu ibwere akaipempha. Akalipira pa Airtel Money kapena Mpamba, onani uthenga pa foni ya pamalopo, osati pa ya kasitomala yokha, chifukwa ndalama ikasowa adzadula pa malipiro anu. Chenji bwezani yonse mpaka K50 yomaliza; ngati akufuna kukusiyirani ya sopo, anena okha.