N'chifukwa chiyani nthochi zochokera kutali zimatchipa ku Britain?

Mayi wina amene amakhala ku Britain wandilembera pa imelo kufunsa kuti zimatheka bwanji kuti nthochi zowoloka nyanja kuchokera ku Ecuador kapena ku Colombia nthawi zambiri zizitchipa kuposa maapozi olimidwa konko. Mayi, yankho likuyambira pa mtundu wa nthochizo.

Pafupifupi nthochi zonse zotumizidwa kunja ndi za mtundu umodzi wa Cavendish. Mikoko imadulidwa isanapse, imayenda pa sitima m'makontena ozizira, ndipo ikafika amaipsetsa ndi mpweya wa ethylene, kotero kuti ntchitoyi imachitika chaka chonse popanda kudikira nyengo.

Kale makampani ngati United Fruit Company, imene inayamba mu 1899 ndipo lero ndi Chiquita, ndiwo ankalamula msika, mpaka kampaniyi inakhudzidwa ndi kugwetsedwa kwa boma la Jacobo Árbenz ku Guatemala mu 1954. Masiku ano mphamvu zambiri zili m'manja mwa masupamaketi akuluakulu, amene amatsitsira dala mtengo wa nthochi kuti akope ogula, kenako n'kufinya amene amawagulitsa. Wofinyidwa pomaliza ndi wantchito wa m'munda, yemwe amasenza mikoko tsiku lonse pakati pa mankhwala opopera koma n'kulandira kachigawo kochepa kwambiri ka ndalama zimene inu mumalipira. Ine zimenezi zimandipweteka.

Alimi ang'onoang'ono nawonso analira. Kuyambira mu 1993 European Union inkakondera nthochi za m'mayiko a ku Caribbean ndi ku Africa amene kale ankalamulidwa ndi atsamunda, koma United States ndi mayiko a ku Latin America anakadandaula ku WTO, bungwe loona za malonda a padziko lonse, ndipo mgwirizano wa ku Geneva wa mu 2009 unatsitsa msonkho wa nthochi za ku Latin America. Alimi ambiri a m'mapiri a ku St Lucia ndi Dominica, polephera kupikisana ndi minda ikuluikulu, analeka ulimiwu.

Kudalira mtundu umodzi kuli ndi ngozi yakenso. Matenda a nthochi otchedwa Panama anawononga mtundu wa Gros Michel, umene unkatumizidwa kunja Cavendish isanatenge malo ake, m'zaka za m'ma 1950, ndipo mtundu watsopano wa matendawa, TR4, umene umapha Cavendish, unapezeka ku Nampula ku Mozambique mu 2013 ndiponso ku Colombia mu 2019. Ife amene tinaona matenda a chisaka akumaliza nthochi za ku Thyolo, mpaka misika yathu kudzaza ndi za ku Tanzania ndi Mozambique, tikudziwa kuti matenda akalowa m'munda mtengo sukhalanso womwewo.