Funsani Tikuyankheni: Udzudzu wa M'botolo, Minibasi ya pa Thabwa ndi Mtembo Wosazizira

FUNSO: Mwana wanga adaonera filimu ina imene asayansi adatenga magazi m'mimba mwa udzudzu wakalekale n'kuukitsa nawo ma dinosaur. Tsopano akusunga udzudzu m'botolo. Poti kuno udzudzu sitichita kugula, kodi zimenezi zingatheke? (Mayi wa ku Bangula)

YANKHO: Mayi, botololo litayeni, mwanayo azigona m'neti. Udzudzu wa m'nthano zoterezi si wa ku Elephant Marsh ayi, ndi umene udamatirira mu utomoni wa mtengo, utomoniwo n'kuuma mpaka kukhala ngati mwala wachikasu. Zimenezo zimachitikadi, ndipo tizilombo totere timapezeka ndi mapiko omwe. Chosapezeka ndi DNA, malangizo aja a m'maselo omangira thupi.

DNA imaduka yokha zaka zikamapita. Mu 2012 asayansi adayeza mafupa a moa, mbalame zikuluzikulu zimene zidatha ku New Zealand, n'kupeza kuti pa zaka 521 zilizonse theka la mfundo zolumikiza DNA limakhala litaduka. Pakapita zaka zina 521, theka la zotsalazo nalonso laduka. Kumeneko n'kozizira, dzuwa la kuno likadachita kuthamangitsa ntchitoyo. DNA yakale kwambiri imene idawerengedwapo ndi ya zaka pafupifupi 2 miliyoni, ya m'dothi loundana ku Greenland, pomwe ma dinosaur akuluakulu adatha zaka 66 miliyoni zapitazo, chimwala cha makilomita pafupifupi 10 chitagwa kuchokera kumwamba pamalo amene lero ndi Mexico. Onjezaninso kuti udzudzu waukazi, umene umaluma, umagaya magaziwo m'masiku awiri kapena atatu basi.

Koma mwanayo musamufooketse, chifukwa dziko lathu lili ndi dinosaur yakeyake. Malawisaurus, chinyama cha khosi lalitali chodya masamba, chidakhala zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo, ndipo mafupa ake adafukulidwa ku Mwakasyunguti m'boma la Karonga. Dzinali adachipatsa mu 1993. Kutalika kwake ndi ngati minibasi ziwiri zitaima motsatana, mwinanso kuposerapo, ndipo chigoba chake chidaimikidwa m'nyumba ya za chikhalidwe ndi mbiri yakale pa Karonga boma. Konkonso kudapezeka Malawisuchus, kachibale ka ng'ona kosafika ndi mita imodzi yomwe, kamene adakafotokoza mu 1997 ndi katswiri wa kwathu konkuno, Elizabeth Gomani.

Ambiri amati ng'ona za mu Shire ndiwo ma dinosaur otsala. Ayi, ng'ona ndi msuweni chabe. Mdzukulu weniweni ndi mbalame. Mwanayo agwire nkhuku yachikuda aone miyendo yake: mamba, zala zitatu zoloza kutsogolo, zikhadabo. Dinosaur imene akuifuna m'botolo imakwera mtengo wa pakhomo panu madzulo aliwonse.

FUNSO: Ndimakwera minibasi kuchoka pa Nchalo kupita ku Blantyre kawiri pa sabata, ndipo ndimakonda kuwerenga mabuku a ukazitape panjira. Ndikangodutsa pa Thabwa nseru uja wayamba. Vuto ndi bukulo kapena dalaivala? (Mphunzitsi wa ku Nchalo)

YANKHO: Aphunzitsi, vuto ndi mkangano wa maso ndi makutu anu. Mkati mwa khutu lililonse muli timachubu titatu tokhota tokhala ndi madzi, timene timamva mutu ukatembenuka. Mukamawerenga, maso amauza ubongo kuti mwakhala phee, pomwe makutu akunena kuti mukuzungulira. Ubongo ukasowa womukhulupirira, zotsatira zake ndi thukuta lozizira, malovu ambiri, kenako nseru.

Msewu wa M1 uli ngati udakugawirani kale nthawi. Kuchoka pa Nchalo, kudutsa minda ya nzimbe mpaka kuwoloka mlatho wa Kamuzu, msewu ndi wa pachidikha, makona ndi ochepa: werengani pamenepo. Mukafika pa Thabwa pindani tsamba, tsekani buku. Kuchoka apo mukukwera mamita ngati 900 m'makona okhaokha, ndiye maso akhale kutsogolo, patali, osati pa mitengo yothamanga m'mbali. Mpando wabwino ndi wakutsogolo kapena mzere woyamba kumbuyo kwa dalaivala. Wakumbuyo kwenikweni, pamwamba pa matayala, ndiwo umakankha kwambiri, ndipo kabenchi koyang'ana kumbuyo kamene kondakitala amakupatsani akadzaza mukakane. Tsegulani windo pang'ono. Musakwere ndi njala, komanso musakwere mutakhuta tchipisi cha pachiwaya. Mankhwala a nseru wa paulendo alipo ku famase, koma amamwedwa ola limodzi kapena awiri musanakwere, ndipo amagonetsa, ndiye chigawenga cha m'buku lanulo mukachidziwira ku Blantyre. Makutu akatseka pokwera, mezani malovu.

FUNSO: Ndikulemba buku la wapolisi wofufuza milandu ya kupha, nkhani yake ikuchitikira ku Ngabu mu October. M'mabuku akunja dokotala amayeza kutentha kwa mtembo n'kunena ola limene munthu adafa. Wanganso achite chomwecho? (Mlembi wachinyamata, Ngabu)

YANKHO: Achimwene, akatero owerenga a kwanu konko akusekani. Njira imeneyo imadalira kuti mpweya ukhale wozizira kuposa thupi. Munthu wamoyo amatentha madigiri 37, ndipo kumayiko ozizira mtembo umatsika pafupifupi digiri imodzi pa ola mpaka kufanana ndi mpweya. Ku Ngabu mu October masana nthawi zina amapyola 40. Mtembo wa m'nyumba ya malata suzizira konse, umachita kuwonjezera kutentha. Dokotala wanu akawerengetsa apeza kuti munthuyo afa mawa.

Kuuma kwa mtembo nakonso kumathamanga. Kozizira kumayambira m'nsagwada ndi m'khosi pakapita maola awiri mpaka anayi, kumafika thupi lonse cha pa maola 12, n'kutha pakadutsa tsiku limodzi ndi theka kapena awiri. Kotentha zonsezi zimafupika, makamaka ngati munthuyo amathawa asanafe.

Mboni zabwino za kuchigwa ndi zina. Ntchentche zobiriwira zimafika m'mphindi zochepa n'kuikira mazira m'maso, m'mphuno ndi pabala. Mazirawo amaswa tsiku lisanathe, ndipo kukula kwa mphutsi kumasonyeza masiku amene apita. M'mimba namonso muli wotchi: chakudya chimachoka m'chifu pakapita maola anayi mpaka asanu ndi limodzi, ndiye ngati nsima ikadali momwemo, wapolisi wanu akafunse amene adaphika mgonero. Onjezani uthenga womaliza wa pafoni ndi wakabaza amene adamutsitsa. Ndipo ngati wakuphayo aponya mtembo mu Shire, musaulembe ukuyandama usiku womwewo. Umamira kaye, n'kudzatumphuka mpweya wa kuwola ukadzaza m'mimba, ngati asuweni a dinosaur aja sanayambe kuupeza.