Kwa achimwene ofuna kugula Nambu ya ku Japan

Achimwene, mwati mwaona pistol ya asilikali a ku Japan patebulo la wogulitsa wina pa gun show (chionetsero chogulitsirapo mfuti) kwanuko ku Indiana, wakuuzani kuti ndi Nambu ya nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, ndiye mukufunsa ngati ili yoyenera kugula komanso ngati mungamapite nayo kokawombera Loweruka lililonse. Ine ndinena mosapsatira: ngati mtima wanu uli pa mbiri yake, gulani mutaifufuza bwino. Koma ngati mukufuna yowombera sabata ndi sabata, ndalama zanuzo kaguleni ina, chifukwa iyi ikuliritsani.

Mmene mwafotokozeramo, mpope wowonda, chogwirira chopendekera kumbuyo ndi kachitsulo kozungulira kumapeto komwe umakoka ndi zala ziwiri, imeneyo ndi Type 14. Ndi ya m'banja la mfuti za Kijiro Nambu, mkulu wa asilikali amene anapanga zida zambiri za Japan, ndipo inavomerezedwa mu 1925, chaka cha 14 cha ulamuliro wa mfumu Taisho. Ogulitsa ena amakonda kuitchula kuti Luger ya ku Japan, poifanizira ndi pistol yotchuka ya ku Germany, pofuna kukweza mtengo. Kufanana kwake ndi kwa kunja kokha, m'kati zimagwira ntchito mosiyana. Magazini yake imalowa zipolopolo 8 za mtundu wa 8x22mm Nambu.

Mukabwererako, musayambe ndi kumvetsera nkhani za wogulitsayo. Tembenuzani mfutiyo muone mbali ya kumanja, chakumbuyo. Pansi pa nambala yake pali manambala awiri olekanitsidwa ndi kadontho, monga 18.6 kapena 19.3. Limenelo ndi deti lopangira, powerengera zaka za mfumu Hirohito, zomwe amati Showa. Pa nambala yoyambayo wonjezerani 1925, yachiwiriyo ndi mwezi. Ndiye 18.6 ndi Juni 1943, 19.3 ndi Malichi 1944. Mfuti zambiri za mayiko ena sizikuuza mwezi womwe zinatuluka mufakitale, koma iyi imakuuza, ndipo zimenezi zimathandiza kugwira bodza. Mwachitsanzo, zoyambirira zinali ndi chitsulo chaching'ono chozungulira chotchinga trigger. Cha mu 1939 anachikuza kuti msilikali wovala magolovesi m'nyengo yozizira ya ku Manchuria athe kulowetsa chala. Mukaona deti la 1930 koma chotchingacho n'chachikulu, dziwani kuti wina anasinthapo kanthu, funsani kuti ndani ndipo liti. Za kumapeto kwa nkhondo, cha mu 1944 ndi 1945, zimaoneka zokhakhala, mizere ya makina ili poyera pachitsulo, ndipo zomalizira zenizenizo zogwirira zake ndi thabwa losalala lopanda mizere. Kukhakhalako si chilema, ndi mmene zinatulukira pamene Japan inkapanga mothamanga. Chomwe muyenera kuchiopa ndi ya 1944 yonyezimira bwino ngati yatsopano, zilembo zake zitafafanizika m'mphepete. Imeneyo wina anaipala n'kuidetsanso, ndipo kwa osonkhanitsa mfuti zakale mtengo wake umagwa kwambiri.

Chachiwiri ndi manambala a zigawo. Manambala atatu omaliza a nambala ya mfutiyo anawadinda pa zigawo zambiri: pa bolt (chitsulo chomwe chimabwerera m'mbuyo mukawombera n'kukankhira chipolopolo china mumpope), pampope, pa kachitsulo kokoka kaja, ndi pamagazini. Pemphani wogulitsayo akuonetseni. Magazini ndiye imasokonekera kawirikawiri, chifukwa asilikali a ku America polanda mfutizi ankachotsa magazini n'kuziunjika padera, pobweza aliyense n'kungotola yomwe wapeza. Yokhala ndi magazini yakeyake imadula kuposa inzake, ndipo mukapeza yokhala ndi magazini awiri a nambala imodzi, ina ili ndi kadontho kosonyeza kuti ndi yapadera, mwapeza chinthu chosowa. Ngati pali chikwama chake chachikopa, chokhala ndi chivundikiro cholimba ngati chigoba, komanso chikalata chomwe msilikali wa ku America ankapatsidwa chomulola kubwera nayo kwawo, mtengo umakweranso. Chikalatacho chikhale ndi nambala yofanana ndi ya mfutiyo. Nkhani ya pakamwa yoti "iyi inachokera ku Iwo Jima" popanda pepala musailipirire ngakhale dola imodzi.

Tsopano za kuwombera, pamene pali nkhani yeniyeni.

Ikakhala bwino, Type 14 imakoma m'manja. Trigger yake ndi yofewa, sikankha kwambiri, chifukwa chipolopolo chake mphamvu zake n'zongofanana ndi .380 ACP, chipolopolo cha mapistol ang'onoang'ono. Vuto ndi loti zipolopolozo simungazipeze m'sitolo wamba. Makampani akuluakulu sazipanga, amapanga ndi timakampani tating'ono mwa apo ndi apo, ndipo bokosi limodzi limadya ndalama yomwe mukanagula mabokosi angapo a 9mm. Ena amadzipangira okha pokonzanso makoko a zipolopolo zina, koma imeneyo ndi ntchito ya munthu amene anaphunzira bwino, si yoyambira. Zipolopolo zakale za nthawi ya nkhondo musaziwombere. Zatha zaka 80, zimasiya mchere wodyetsa mpope dzimbiri, komanso pazokha ndi katundu wa osonkhanitsa.

Ndiye pali firing pin, kachitsulo komenya chipolopolo. Nsonga yake imathyoka msanga, ndipo a ku Japan eni akewo ankadziwa, n'chifukwa chake m'chikwama muja munali malo osungira ina yapadera. Musamakoke trigger mulibe chipolopolo, ndiye njira yachidule yoithyolera. Amene amawombera nazo amagula firing pin ndi masipuling'i opangidwa masiku ano n'kuikamo, zoyambirirazo n'kusunga m'kathumba. Zogwirira zathabwa zija nazo ndi zopyapyala, zimang'aluka. Chigawo chilichonse chokhala ndi nambala chikasweka, simudzapezanso china cha nambala yomweyo padziko pano. Zili ngati kutenga mbale yadothi ya agogo n'kumadyeramo tsiku ndi tsiku.

Chinthu chimodzi chokha ndikupempheni musachinyozere. M'kati muli kachitsulo kakang'ono kotchedwa locking block, komwe kamagwira bolt kuti isabwerere msanga chipolopolo chikaphulika. Mfutiyi imatheka kuimanga kachitsuloko kulibe, n'kumaoneka yabwinobwino, ndipo imawombera ndithu, koma mukatero mwaika nkhope yanu pangozi ndi kuwononga mfutiyo. Yadutsa m'manja ambiri chichokereni ku Japan, simudziwa amene anaimasulapo. Musanaikemo chipolopolo choyamba, ipite kaye kwa gunsmith, mmisiri wokonza mfuti, wodziwa mfuti zakale.

Tizinthu tina n'tongotopetsa. Sefite yake, kachitsulo kotseka kuti mfuti isawombe mwangozi, ili kutsogolo kumanzere ndipo umaitembenuza kuchoka kumbuyo mpaka kutsogolo, moti dzanja lomwe lagwira mfuti silingaifike, pamafunika lachiwiri. Mukayang'anitsitsa mupeza kamzere kokhota komwe sefiteyo inakanda pachitsulo ndi pathabwa, pafupifupi zonse zili nako. Chipolopolo chomaliza chikatha, bolt imatsakamira pamagazini yeniyeniyo, ndiye kuti muisolole mumachita kulimbana nayo, ikatuluka bolt n'kumenyetseka kutsogolo. Ndimaganizira msilikali amene ankachita zimenezi manja ali thukuta ndi matope, adani akubwera.

Patebulo lomwelo mwina muonanso ina yooneka moipa, yaifupi, yokhala ngati ili ndi linunda. Imeneyo ndi Type 94 ya 1934, ya zipolopolo 6. Ili ndi mbiri yoipa chifukwa chitsulo chomasula hamala, yomwe imamenya firing pin, chili poonekera kumanzere, ndipo mukachidina mfuti ili yotchera imawombera osakhudza trigger. Nkhani yoti anaipanga dala kuti msilikali adziphe kapena anamizire kugonja ndi nthano za ogulitsa, koma ngoziyo ndi yeniyeni. Ine munthu woyamba kumene sindingamulangize kuyambira pamenepo. Palinso revolver ya Type 26 ya 1893, ndi kaching'ono kotchedwa Baby Nambu ka 7mm komwe maofesala ankagula ndi ndalama zawo. Kameneko mtengo wake ungakuthawitseni.

Kwa ife nkhaniyi si yachilendo kwenikweni. Asilikali a Keyala (King's African Rifles) ochokera ku Nyasaland, pamodzi ndi anzawo a Northern Rhodesia Regiment, anamenyana ndi Japan ku Burma mu 1944, ambiri ali mu 11th East African Division yomwe inadutsa chigwa cha Kabaw m'nyengo ya mvula. Mfuti ngati yomwe mwaionayo ndi imene inali m'chiuno mwa masajeni ndi maofesala a mbali inayo. Kwa ine chimenecho ndi chifukwa chokwanira choti Mmalawi aisunge.

Za malamulo musamvere za m'maluwa. Ku America lamulo la boma lalikulu limaletsa anthu ambiri okhala pa viza yongoyembekezera, monga ya sukulu kapena ya ntchito, kukhala ndi mfuti kapena zipolopolo, kupatula pa zifukwa zochepa monga kukhala ndi laisensi yosakira nyama. Kukalamba kwa mfutiyi sikukuchotsani m'lamulo limeneli. Onani mapepala anu kaye, ndi malamulo a dera lanu, ndipo gulani kudzera kwa wogulitsa wa laisensi. Maganizo odzapita nayo kumudzi ngati chikumbutso, amenewo ndi nkhani ina ya zilolezo za mayiko onse awiri, si yoika m'sutikesi.

Ya Loweruka lililonse, yang'anani Ruger ya .22, monga Mark IV. Bill Ruger, mmodzi mwa oyambitsa kampani ya Ruger, anayamba ndi kukopera Nambu yomwe inabwera kuchokera kunkhondo, kenako mu 1949 n'kutulutsa Ruger Standard, ndipo mukaigwira mudzaona kufanana kwa chogwirira ndi bolt yokoka kumbuyo. Zipolopolo zake n'zotchipa ndipo zili paliponse.

Mukapitanso, jambulani mbali ya kumanja pomwe pali deti, chizindikiro cha fakitale chomwe chili kutsogolo kwa nambala, pansi pa magazini, ndi m'kati mwa mpope mutawalitsa tochi. Zithunzizo muponye muno tione limodzi musanatulutse ndalama.