Funsani za Galimoto: Mtengo wa jakaranda ukundiwonongera penti

Akonzi,

Ndimakhala ku Namiwawa m'nyumba ya lendi yomwe ilibe galaja, ndipo malo okhawo oimikapo galimoto ali pansi pa mtengo waukulu wa jakaranda. Galimoto yanga ndi Toyota yakuda yomwe ndinaitanitsa ku Japan chaka chatha. Kuyambira mu Seputembala, m'mawa uliwonse ndimaipeza itakutidwa ndi maluwa, fumbi lachikasu ndi timadontho tomata ngati uchi. Mnyamata wondithandiza pakhomo amaipukuta ndi nsalu youma ndisananyamuke kupita ku ntchito, koma tsopano ikakhala padzuwa ndikuona timizere tambirimbiri tozungulira, ndipo pa boneti pali mawanga awiri omwe akukana kuchoka ngakhale nditatsuka ndi sopo waufa. Kodi ndipemphe eni nyumba kuti adule mtengowu?

Mayi wa ku Namiwawa

Mayi, mtengowo ulekeni. Pa zonse zomwe mwafotokoza, chomwe chawononga kwambiri penti yanu ndi nsalu youma ija, ndipo mnyamatayo musamudzudzule chifukwa akuchita zomwe ambiri a ife tinaphunzira poona anzathu m'mawa uliwonse.

Penti ya galimoto za masiku ano imapakidwa mosanjikiza. Pachitsulo pamayamba mankhwala oteteza ku dzimbiri, kenako utoto womwe umapatsa galimoto mtundu wake, ndipo pamwamba penipeni pamabwera utoto woonekera ngati galasi umene openta magalimoto amautchula kuti kiliya. Kunyezimira konse kumene mumakuona ndi kwa kiliyayo, koma kukhuthala kwake ndi mamayikironi 40 mpaka 50 okha, kutanthauza kuti tsitsi limodzi la m'mutu mwanu likhoza kumuposa. Fumbi la mwezi wa Okutobala kuno ku Blantyre lili ndi timchenga tolimba kuposa kiliya, ndipo limasakanikirana ndi phulusa la moto wa m'tchire lomwe mphepo imabweretsa kuchokera m'mapiri otizungulira. Munthu akadutsitsa nsalu youma pamwamba pa zimenezi, amakhala ngati akukwecha galimoto ndi sandipepala wosalala. Timizere tozungulira tomwe mukutiona ndi njira zomwe dzanja linadutsa, ndipo pa galimoto yakuda timaonekera msanga kusiyana ndi pa yoyera kapena yasiliva, ngakhale kuti nazonso zimakalika chimodzimodzi.

Zogwa mumtengozo ndi za mitundu ingapo, ndipo nkofunika kuzisiyanitsa chifukwa chilichonse chili ndi machotsedwe ake.

Fumbi lachikasulo mbali ina ndi mungu, koma si wonse umene ukuchokera mu jakaranda. Mtengo umenewu, womwe kwawo ndi ku South America, mungu wake umanyamulidwa ndi njuchi, choncho suuluka wambiri. Mungu umene umayenda ndi mphepo ndi wa zomera monga paini, udzu ndi chimanga, ndipo umakatera pa galimoto ngakhale itaima pamtetete. Ukakhala wouma suvuta kwenikweni. Vuto limayamba ukanyowa ndi mame kapena kamvula kowaza, chifukwa timbewu take timafufuma ndi kuphulika, n'kutulutsa timadzi ta asidi tomwe timayamba kudya kiliya dzuwa likatentha. Nchifukwa chake kamvula ka chizimalupsa, kamene ambiri amakondwera nako poganiza kuti kawatsukira galimoto, kamasiya penti ili pangozi kuposa mmene inalili, popeza kamangonyowetsa zonyansazo osazikokolola. Mvula yowaza ya chiperoni m'miyezi ya Juni ndi Julayi imachitanso zomwezo, kungoti dzuwa la nyengo imeneyo silikhala laukali.

Timadontho tomata ngati uchi, anthu ambiri amati ndi utomoni wa mtengo, koma kawirikawiri ndi zotuluka m'mimba mwa nsabwe za zomera ndi tizilombo tina toyamwa madzi a m'masamba ndi m'maluwa. Tizilomboti timayamwa madzi a shuga ochuluka kuposa omwe matupi ake akufuna, ndipo otsalawo timawadonthetsa pansi. Amene amaimika galimoto pansi pa mango pamene akuchita maluwa m'nyengo yozizira amazidziwa bwino zimenezi. Ubwino wake ndi wakuti shuga amasungunuka m'madzi, choncho madzi ofunda pang'ono ndi sopo wa galimoto zimakwanira. Mukawalekerera kwa milungu, madonthowo amagwira fumbi, amauma gwa, ndipo pamamera nkhungu yakuda ngati mwaye, yofanana ndi imene mumaiona pa masamba a mango.

Maluwa ndi masamba akanyowa n'kumatirira pa penti amatulutsa utoto wofiirira, wonga umene masamba a tiyi amasiya m'kapu, ndipo pa galimoto yoyera nthawi zina mumachita kuona chithunzi cha tsamba lonse. Mawanga otere sazama msanga ndipo ambiri amachoka ndi kutsuka kwabwino.

Mawanga awiri a pa boneti aja ndikuwakayikira kuti ndi a zitosi za mbalame kapena mileme, chifukwa mtengo waukulu susowa alendo ogonamo. Zitosi za mbalame zili ndi asidi wamphamvu kuposa wa mungu. Kuwonjezera apo, boneti yakuda ikakhala padzuwa la Okutobala imatentha mpaka kufika madigiri 70, ndipo pansi pake pali injini yomwe ikuwonjezera moto. Kiliya akatentha chotero amafewa ndi kufutukuka, chitosi chija chikuuma, ndipo usiku akamazizira amalimba motsatira maonekedwe a chitosicho. Ndiye ngakhale mutachotsa chitosi chonse, chidindo chake chimatsala m'penti momwemo. Sopo sangachotse chidindo chimenechi chifukwa palibe litsiro loti lichoke.

Yesani motere. Dutsitsani chikhadabo pang'onopang'ono pa banga lililonse galimoto itatsukidwa. Ngati chikhadabo sichikukodwa, bangalo lili pamwamba ndipo munthu wodziwa ntchito akhoza kulichotsa ndi phala losalala lopolishira penti lotchedwa kompaundi ndi makina opolishira, pamodzi ndi timizere tija. Ngati chikukodwa, kapena mukuona ting'alu ngati ta matope ouma, kiliya wadyeka mpaka pansi ndipo boneti ifunika kupoperanso. Apa ndichenjezepo, chifukwa kupolisha ndi makina ndi kusenda kiliya pang'ono kuti asalale, ndipo galimoto yobwera kuchokera ku Japan ikhoza kukhala itapolishidwapo kale asanaigulitse. Musalole kuti izi zizichitika mwezi ndi mwezi. Madenga ndi maboneti osupuka ngati khungu la njoka omwe timawaona mu msewu wa Masauko Chipembere ndi a galimoto zomwe kiliya wake anatha, kaya ndi dzuwa kaya ndi kupala.

Tsono chizolowezi cha m'mawa chisinthe. Maluwa ndi masamba azitoledwa ndi manja, osati kusesedwa ndi tsache kapena nsalu. Kenako galimoto ithiridwe madzi kuyambira padenga kutsika m'munsi kuti fumbi ndi mungu zikokoloke munthu asanaikhudze. Ngati palibe nthawi kapena madzi, ndi bwino kupukuta magalasi okha ndi kunyamuka ndi galimoto yafumbi kusiyana ndi kuipukuta youma. Ndikudziwa kuti madzi mumzinda uno ndi odula, popeza ambiri amachita kupopedwa kukwera mtunda kuchokera ku Walker's Ferry pa mtsinje wa Shire, koma ndowa imodzi ya malita 20 ndi kapu zimakwanira kutsukuluza galimoto yaing'ono.

Kutsuka kwenikweni kuzichitika kamodzi pa mlungu m'nyengo ya maluwayi, m'mawa kapena madzulo pamene chitsulo chazizira. Pakhale ndowa ziwiri, ina ya madzi a sopo ndi ina ya madzi oyera otsukuluziramo nsalu musanaibwezere m'sopo, kuti mchenga womwe mwachotsa pa chitseko usakakwechedwe pa boneti. Nsalu yabwino ndi ya microfibre, yomwe imapezeka m'masitolo a zipangizo za galimoto ku Limbe ndi m'tauni, ndipo ya matayala ikhale yakeyake. Sopo waufa ndi wochapira zovala ndipo sopo wa mbale anapangidwira kuchotsa mafuta, choncho onse awiri amachotsa wakisi amene amateteza penti, ndipo waufayo akapanda kusungunuka bwino amakalanso. Pomaliza umitsani galimoto ndi nsalu yofewa, makamaka ngati madzi ndi a pa mjigo kapena pachitsime, chifukwa akauma okha padzuwa amasiya timawanga toyera ta mchere.

Chitosi chokha sichidikira tsiku lotsuka. Sungani botolo la madzi ndi kansalu m'galimoto, ndipo mukachiona ikanipo nsalu yonyowa kwa mphindi 5 mpaka 10 kuti chifewe, kenako muchinyamule osachikwecha, pakuti m'zitosi mumakhala timiyala ndi njere. Wakisi muzipaka miyezi itatu iliyonse, ndipo ulendo umodzi ukhale wa mu Ogasiti jakaranda asanayambe. Mukaona kuti madzi asiya kupanga timipira pa boneti ndipo akungoyalana, dziwani kuti wakisi watha.

Za mtengowo, chomwe mungapemphe kwa eni nyumba ndi kusadza nthambi zomwe zili pamwamba penipeni pa malo oimikapo, kapena chilolezo chomangapo kashedi ka neti. Mthunziwo ukukutetezerani penti, mipando ndi dashibodi ku dzuwa miyezi yambiri pa chaka, pamene maluwa amavuta kwa milungu yowerengeka chabe.

Akonzi,

Kuntchito kwathu timaimika galimoto pansi pa mitengo ya paini, ndipo utomoni wake sukuchoka ndi sopo. Mnzanga wandiuza kuti ndigwiritse ntchito petulo kapena thinazi. Kodi nzoona?

Bambo wa ku Chilomoni

Bambo, thinazi musamuyandikize n'komwe, chifukwa ntchito yake ndi kusungunula penti ndipo sasankha kuti iyi ndi ya galimoto yanu. Petulo amachotsadi utomoni, koma amathimbiriritsa kiliya akakhalitsa, amawononga mapulasitiki ndi malabala, komanso ndi wangozi pa moto. Utomoni wa paini ndi wosiyana ndi madontho a shuga omwe tawafotokoza pamwambapa chifukwa susungunuka m'madzi, koma umasungunuka mu sipiriti. Tsukani malowo poyamba, nyowetsani kansalu ndi sipiriti wa kufamase kapena sanitayiza wa m'manja, kagwirizeni pa dontholo kwa theka la mphindi, kenako pukutani mopepuka ndi mbali yoyera ya nsaluyo. Dontho lakale lingafune maulendo atatu kapena anayi, ndipo musalipale ndi mpeni kapena lezala pokhapokha ngati lili pagalasi. Mukatha tsukanipo ndi madzi a sopo ndi kupakapo wakisi, popeza sipiriti amachotsa amene analipo. Ngati galimoto inapoperedwapo penti posachedwa, yambani mwayesa pamalo obisika monga m'kati mwa chitseko.

Akonzi,

Mvula yoyamba itagwa chaka chatha ndinapeza madzi pansi pa mpando wakutsogolo, chonsecho magalasi anali otseka. Kodi mitengo ingachititse zimenezi, ndipo kodi chovundikira galimoto chingathandize?

Woyendetsa takisi wa ku Ndirande

Ingachititse ndithu. Pakati pa galasi lakutsogolo ndi boneti, pomwe pamakhala mawaipa, pali ngalande yokhala ndi timabowo totulutsira madzi a mvula pansi. Timasamba ta jakaranda ndi ta mitengo yonga mthethe ndi tating'ono kwambiri moti timadutsa pa sefa ya pulasitiki, n'kukawolerana m'ngalandemo mpaka kutseka timabowoto. Madzi akasowa kolowera amasefukira m'njira yomwe mpweya umalowera m'galimoto, n'kukathera pa kapeti, ndipo chinyezi chotsalira chimayambitsa dzimbiri ndi kuwononga mawaya. Tsegulani boneti mu Okutobala mvula isanayambe, chotsani zinyalala zonse, thiranimo madzi ndipo muone ngati akutuluka pansi kuseri kwa matayala akutsogolo. Onaninso ngalande za m'mbali mwa buti ndi sefa ya mpweya wa m'kati, yomwe pa galimoto zambiri za ku Japan imakhala kuseri kwa kabokosi ka pa dashibodi.

Chovundikira chimathandiza pa galimoto yomwe yatsukidwa ndipo ikhala masiku osayenda. Pa takisi yomwe imabwera madzulo ili ndi fumbi la tsiku lonse sindingachilimbikitse, chifukwa mphepo ikamachigwedeza usiku chimakwecha fumbilo pa penti monga mmene nsalu youma imachitira.