Kwa achimwene amene akufuna wosewera gogo mufilimu yawo

Achimwene, funso lanu ndaliona. Mukujambula filimu yaifupi yomwe muli gogo woganiziridwa ufiti, mtsikana wantchito yapakhomo ndi bwana wa ku Area 43, ndiye mukufunsa ngati mungatenge mnyamata wa m'gulu lanu n'kumupaka ufa kumutu kuti akhale gogoyo. Anzathu ambiri akuuzani za zodzola zoti mugule. Ine ndikuti zaufazo zisiyeni.

Pasiteji zimatheka chifukwa woonera amakhala patali. Kamera imafika pafupi, imaona khosi, zikhatho ndi maso. Komanso mnyamata wa zaka 25 akauzidwa kuti akhale nkhalamba amangochita zomwe anaonera ena: kuwerama, kunjenjemeretsa mawu, kutsokomola, ndodo kumanja. Anthu amaseka, ndipo akangoseka ndiye kuti sakumuonanso ngati munthu. Agogo anu enieni amayenda choncho? Ambiri a zaka 70 kumudzi amalawirira kumunda, ena amapalasa njinga mpaka kumsika. Fufuzani munthu wachikulire weniweni. Aphunzitsi opuma ntchito alipo, amayi a Mvano ndi a Chigwirizano amene akhala akuchita masewero kutchalitchi alipo, ndipo ena amene tinkawamva m'masewero a pa MBC akadali moyo, kungoti palibe amawaitana.

Koma chomwe chandivuta kwambiri ndi ufitiwo. Sindikuti musaukhudze, nkhaniyo ilipo m'midzi mwathu. Funso n'lakuti filimu ikamatha, woonera atuluka akuti chiyani? Ngati atuluka akuti "tinkanena ife, nkhalamba ija ndi mfiti", mwathira mafuta pamoto woyaka kale. Mu Januwale 2016 ku Neno anthu anayi okalamba anaphedwa mphenzi itapha mtsikana wina, anthu ati anaitumiza ndi iwowo. Lamulo la zaufiti la 1911 limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza okalamba, koma zopha ndi kuotchera nyumba agogo timazimvabe. Kalembera wa 2018 anapeza kuti pafupifupi theka la Amalawi ndi osakwana zaka 18. Amene adzaonere filimu yanu pafoni kapena m'mavidiyo show ndi amenewa, ndipo ena mwa iwo nkhalamba yosauka yokhala yokha amaidziwira m'mafilimu momwemo.

Izi tinatengerako ku mafilimu a ku Nigeria. Patience Ozokwor ndi katswiri, koma anamupatsa mbali ya apongozi ankhanza kambirimbiri, moti akangotulukira pakanema aliyense amadziwiratu kuti mavuto ayambika. Mukasankha wosewera chifukwa nkhope yake "ikuoneka yaufiti", filimu yatha isanayambe. Sankhani mayi wa nkhope yoti mungamusiyire mwana, kuti mudzi ukamamuloza chala woonera mtima umupweteke.

Mtsikana wantchito ndi bwanayo ndiye tili ndi chizolowezi china. Wolemera timamupezera woyera khungu, wonenepa, wolankhula Chingerezi ngakhale ali kuchipinda ndi mkazi wake. Wosauka timamupezera wakuda, wowonda, timamuveka zong'ambika n'kumuuza azilankhula mokoka ngati wogona, bwana akanena Chingerezi iye azimva zina kuti anthu aseke. Pitani ku Lizulu kapena ku Jenda mukaone amayi ogulitsa tomato ndi mbatatesi mmene amawerengera ndalama, mudzabwerako mutasintha maganizo. Ena mwa eni malole ndi nyumba zalendi m'tauni muno salankhula Chingerezi tsiku lonse. Ndipo atsikana ambiri ogwira ntchito m'makomo sukulu anapitako ndithu, anasiyira panjira chifukwa cha fizi. Amavala mwaukhondo, ali ndi foni, amadziwa zinsinsi zonse za m'nyumbamo kuposa adona. Mbali imeneyo ndi yolemera, ipatseni wosewera wanu waluso kuposa onse, osati amene watsala ena atasankha.

Poyesa osewera, musalembe pachidziwitso kuti "tikufuna wooneka wakumudzi". Lembani zaka ndi zimene munthuyo akufuna m'nkhanimo, basi. Ndipo yesani kusinthanitsa: amene wabwera kudzayesa za adona awerenge mawu a wantchito, winayo awerenge a adona. Nthawi zina mumadabwa.

Mukapeza gogo weniweni, mukonzekere zingapo. Musamuimike padzuwa kuyambira m'mawa kudikira kuti batire ya kamera idzaze. Mbali zake jambulani koyambirira apite akapume. Ngati maso akuvuta kuwerenga, muwerengereni mawuwo, ndipo mumulole awanene m'Chichewa chake, chifukwa miyambi ndi kalankhulidwe kake simungazilembe inu. Thiransipoti ndi chakudya zikhale zanu, ndipo malipiro mugwirizane pamaso pa wachibale wake musanayatse kamera.